Maphunziro a Udokotala pa Nkhani ya Ana Aulumali ndi Gawo la Ofufuza Ziyankhulo

1. Mawu Oyamba

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza m'mene maphunziro a digiri ya udokotala, imene ambiri amaitcha PhD, amayendera kwa munthu wofuna kuzama pa maphunziro a ana aulumali, ndiponso kuonetsa chifukwa chimene ife ofufuza ziyankhulo tiyenera kuikirapo mtima pa ntchito imeneyi. Mwina ena adzafunsa kuti nkhani yotere ikudzatani pa msonkhano wa ziyankhulo za mu Africa, popeza eni ake ndi akatswiri a zamaphunziro ndi azachipatala. Yankho langa ndi lakuti zambiri mwa zopinga zimene mwana wosamva, mwana wosaona kapena mwana wovutika kuwerenga amakumana nazo m'kalasi ndi zopinga za chiyankhulo. Munthu angathe kutenga digiri yapamwamba pa maphunziro a ana otere, koma ngati sadziwa kapangidwe ka chiyankhulo chimene anawo akuphunziriramo, kafukufuku wake adzayenda motsimphina. Chotero dokotala amene chigawo chathu chikumusowa ndi uja wodziwa zonse ziwiri, kalasi ndi chiyankhulo, amenenso angathe kutsogolera ena.

Kukula kwa nkhaniyi kukuoneka m'kalembera wa anthu wa m'Malawi wa chaka cha 2018, amene adapeza kuti anthu oposa pang'ono 10 mwa 100 alionse a zaka 5 ndi kupitirira ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ambiri mwa iwo amayamba moyo wa sukulu m'ziyankhulo zimene ife timazifufuza.

2. Kumene Ntchitoyi Idachokera

Maphunziro a ana aulumali m'dera loyankhula Chichewa kapena Chinyanja adayamba ndi amishoni. M'chaka cha 1905 mayi Issie Hofmeyr wa mpingo wa Dutch Reformed adayamba kuphunzitsa anthu osaona pa Magwero, pafupi ndi mzinda umene lero ndi Chipata m'dziko la Zambia. M'Malawi sukulu za osaona zidatsegulidwa ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje m'zaka za m'ma 1950. M'chaka cha 1968 abulazala achikatolika a ku Netherlands adayambitsa ntchito yophunzitsa ana osamva pa Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo malo amenewa adasanduka likulu losulira aphunzitsi a ana aulumali m'dziko muno. Ku Lusaka koleji yosula aphunzitsi otere idatsegulidwa m'chaka cha 1971, ndipo lero imadziwika ndi dzina lakuti ZAMISE.

Kunja nako maganizo adali kusintha. Dziko la America lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1975 lopatsa mwana aliyense waulumali ufulu wophunzira m'sukulu za boma. Ku Britain lipoti la Mary Warnock la chaka cha 1978 lidalimbikitsa kuti tiziyang'ana zimene mwana akusowa kuti aphunzire, m'malo mongomuika m'gulu la ulumali wake. Msonkhano wa UNESCO wa ku Salamanca, ku Spain, m'chaka cha 1994 udagwirizana kuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo m'sukulu za kwawo, ndipo chaka chomwecho Malawi adayamba maphunziro aulere a pulayimale. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la chaka cha 2006, limene Malawi adalivomereza mu 2009 ndipo Zambia mu 2010, limatchula mwachindunji chiyankhulo cha manja ndi zilembo za Braille pa ndime 24, ndi kulamula maboma kulemba ntchito aphunzitsi odziwa zimenezi, kuphatikizapo aphunzitsi amene iwo eni ali ndi ulumali.

Tikayang'ana mbiriyi tiona kuti kwa zaka zambiri makoleji athu adasula aphunzitsi a m'kalasi, pamene nzeru zophunzitsira zidali zochokera kunja. Aphunzitsiwo adagwira ntchito yotamandika. Chimene chidachepa ndi anthu ofunsa ngati njira zobwerazo zikuyenerana ndi ziyankhulo zathu, ndipo kufunsa kotere ndiyo ntchito ya maphunziro a udokotala.

3. Mayendedwe a Maphunziro a Udokotala

Digiri yoyamba ndi yachiwiri zimaphunzitsa munthu zimene ena adazipeza kale. Ya udokotala imafuna kuti wophunzira apeze chatsopano chimene akatswiri anzake angachiyese ndi kuchivomereza. Kawirikawiri wolowa maphunzirowa amakhala ndi digiri yachiwiri, ndipo pa nkhani ya ana aulumali ndi bwino kuti akhale adaphunzitsapo m'kalasi, pakuti mafunso abwino amabadwira kumeneko.

Njira zodziwika zilipo ziwiri. M'mayunivesite otsata mwambo wa ku Britain, monga ambiri a kuno kummwera kwa Africa, wophunzira amayamba ndi kulemba ndondomeko ya kafukufuku wake, napatsidwa mlangizi mmodzi kapena awiri, ndipo amagwira ntchitoyo zaka 3 kapena 4 ngati alibe ntchito ina. Ku America wophunzira amayamba wakhala m'kalasi zaka 2 kapena kuposerapo, kuphunzira njira zofufuzira, malamulo ndi kayendetsedwe ka sukulu, kenaka amalemba mayeso omuyeneretsa asanayambe kafukufuku wake, kotero kuti zaka zonse zimafika 4 mpaka 6. Kumeneko kulinso digiri yotchedwa EdD, imene imakonzera munthu utsogoleri wa sukulu ndi wa maofesi a zamaphunziro koposa ntchito ya kafukufuku. Wosankha njira adzifunse kumene akufuna kukatumikira akamaliza.

Ndondomeko ikavomerezedwa, wophunzira amapempha chilolezo ku komiti yoona za umunthu pa kafukufuku. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Lamulo limafuna kuti kholo livomereze, ndiponso kuti mwana mwini wake amvetse zimene zidzachitike ndi kulola. Nanga mwana wosamva amene makolo ake sadziwa chiyankhulo cha manja adzauzidwa ndi yani, ndipo m'chiyankhulo chanji? Nanga mwana wosaona adzawerenga bwanji chikalata chosindikizidwa ndi inki? Tsono ngakhale kafukufuku asanayambe, funso la chiyankhulo lakhala litafika kale pakhomo.

Pambuyo pake pamabwera miyezi ya kusonkhanitsa umboni m'sukulu ndi m'midzi, kuusanthula, ndi kulemba buku la zimene zapezeka. Bukulo limawerengedwa ndi oyesa ochokera ku mayunivesite ena, ndipo m'malo ambiri wophunzira amaitanidwa kuti ayankhe mafunso pamaso pawo. Zovuta za ulendowu ndi zodziwika kwa tonsefe amene tidauyenda: ndalama, banja loyembekeza thandizo, ntchito yosalola tchuthi, ndi kuchepa kwa alangizi. Pa nkhani ya ana aulumali kuchepa kwa alangiziku ndi kwakukulu, chifukwa mlangizi wodziwa zamaphunziro nthawi zambiri sadziwa malamulo a ziyankhulo za Chibantu, ndipo wodziwa malamulowo sadalowepo m'kalasi la ana osamva. Njira yapafupi yothetsera vutoli ndi yakuti wophunzira mmodzi akhale ndi alangizi awiri, wina wa ku dipatimenti ya zamaphunziro, wina wa ku dipatimenti ya ziyankhulo.

4. Mafunso a Chiyankhulo Oyenera Kafukufuku

4.1 Mwana wosamva

Msonkhano wa aphunzitsi a osamva umene udachitikira ku Milan m'chaka cha 1880 udagamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, ndipo chiyankhulo cha manja chidachotsedwa m'makalasi ambiri. Sukulu zoyamba za osamva m'chigawo chathu zidatsata njira yomweyo. Chigamulo cha ku Milan chidakanidwa poyera pa msonkhano wa ku Vancouver m'chaka cha 2010, koma zizolowezi za m'kalasi sizitha tsiku limodzi.

Tiyeni tione chimene kuwerenga milomo kumatanthauza m'Chichewa. Mawu akuti pala, phala ndi bala amaoneka chimodzimodzi pa milomo, pakuti mpweya wotsagana ndi ph ndi kunjenjemera kwa pakhosi kotsagana ndi b sizioneka ndi maso. Chimodzimodzinso pano ndi mano. Kuonjezera apo, Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga adaonetsera akatswiri ngati Al Mtenje. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amasiyana pa liwu pokha. Khungu la pa thupi limakweza liwu pa phatikizo loyamba, pamene khungu la maso limakweza pa phatikizo lotsiriza. Mneni wakuti ndimathandiza angathe kunena za chizolowezi cha masiku onse kapena za zimene zinkachitika posachedwa, ndipo chosiyanitsa ndi liwu basi. Zonsezi mwana wosamva sazimva, pa milomo sazipenya, ndipo m'buku sazipeza chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera kwa liwu. Njira yowerenga milomo idayesedwa pa ziyankhulo za ku Ulaya, ndipo kumenekonso idali yoperewera. M'chiyankhulo chodalira liwu kuperewerako kukuyenera kuyezedwa ndi munthu wodziwa bwino kamvekedwe ka mawu.

Ndidakachezapo pa sukulu ina ya ana osamva. M'kalasi anawo adali chete, maso pa milomo ya aphunzitsi, kuyankha mwa apo ndi apo. Nthawi yopuma itakwana, ana omwewo adali kukangana za mpira ndi manja, kusekana ndi kunenana, mwaliwiro loti ine mlendo sindikadatha kulitsata. Chiyankhulo chawo chidali panja, pamene maphunziro adali m'kati.

William Stokoe wa ku Gallaudet, mu mzinda wa Washington, adaonetsa m'chaka cha 1960 kuti chizindikiro chilichonse cha manja chimapangidwa ndi tizigawo, monga kaumbidwe ka dzanja, malo amene dzanjalo lili ndi kayendedwe kake, monga momwe mawu amapangidwira ndi malembo a liwu ndi opanda liwu. Kuyambira pamenepo zadziwika kuti ziyankhulo za manja zili ndi malamulo akeake ndipo zimasiyana dziko ndi dziko. Chiyankhulo cha manja cha m'Malawi si Chichewa chonenedwa ndi zala. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a chaka cha 2013 adaika chiyankhulo cha manja pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, pamodzi ndi Chichewa, ndipo South Africa adachipanga kukhala chiyankhulo cha boma cha nambala 12 m'chaka cha 2023. M'Malawi bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa mtanthauziramawu wa chiyankhulo cha manja. Koma mtanthauziramawu ndi chiyambi chabe. Pakufunika kufotokoza kasanjidwe ka ziganizo, ntchito ya nkhope pofunsa ndi pokana, ndi kusiyana kwa zizindikiro pakati pa sukulu ngati Mua, Embangweni ndi Maryview. Zida zilipo, pakuti ndi kamera ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya ELAN, yopangidwa ku Nijmegen, wofufuza angathe kulemba chizindikiro chilichonse pa nthawi yake.

Changu chikufunika chifukwa kafukufuku wa ku America adapeza kuti ana osamva oposa 90 mwa 100 amabadwa kwa makolo akumva. Mwana wotere angathe kufika zaka zoyambira sukulu asanakhale ndi chiyankhulo chilichonse chokwanira, pamene zaka zoyambirirazo ndizo zimene ubongo umagwira chiyankhulo mosavuta. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

4.2 Mwana wosaona

Zilembo zimene Louis Braille adazifalitsa m'chaka cha 1829 zimapangidwa ndi timadontho 6 totukuka, timene timapereka zizindikiro 63. Popeza zilembozi zimadya malo, Chingerezi chili ndi kalembedwe kachidule kamene mawu ndi magulu a malembo obwerabwera amalembedwa ndi chizindikiro chimodzi. Zidulezo zidasankhidwa poyang'ana Chingerezi. Chichewa chimalumikiza aphatikiri ambiri ku tsinde la mneni, kotero kuti liwu limodzi lakuti ndikadzakuphunzitsani lili ndi malembo 21, kuposa theka la mzere wa Braille umene umatenga zilembo pafupifupi 40. Chidule chothandiza mwana wowerenga Chichewa chiyenera kuchokera pa kuwerengera maphatikizo amene amabwera kawirikawiri m'Chichewa, monga ndi, ku, wa ndi tsa, kenaka kuyesedwa ndi ana eni ake kuti tione ngati chikufulumizitsadi kuwerenga. Imeneyi ndi ntchito yokwanira digiri ya udokotala.

Palinso makompyuta ndi mafoni amene amawerengera munthu wosaona mokweza zimene zalembedwa. Chida chotere chikapatsidwa Chichewa chimasowa podziwira pokweza liwu, pakuti zolembedwazo sizionetsa. Wodziwa malamulo a liwu pa nthawi za aneni ndiye angathandize amisiri a makompyuta kuti mawu otuluka amveke Chichewa.

4.3 Mwana wovutika kuwerenga

Kuti mwana atchedwe wovutika kuphunzira, amayamba wayesedwa. Mayeso ambiri otere adakonzedwa m'Chingerezi, chimene kalembedwe kake sikatsata katchulidwe. Chichewa chimalembedwa pafupifupi monga chimatchulidwira, ndipo ana amaphunzira kuwerenga kudzera m'maphatikizo. Kotero vuto la kuwerenga silingaoneke mofanana m'ziyankhulo ziwirizi, ndipo kungotanthauzira mayeso a Chingerezi sikukwanira. Komanso mwana amene kwawo amayankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena, akakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi pa nthawi imodzi, angaoneke wochedwa kugwira zinthu pamene vuto lake ndi lakuti akuphunzira m'ziyankhulo zachilendo. Kumutcha waulumali mwana wotere ndi kumulakwira, ndipo kulephera kuzindikira amene alidi ndi vuto ndi kulakwa kwinanso. Chitsanzo cha njira yabwino ndi chida choyezera kakulidwe ka ana aang'ono chotchedwa MDAT, chimene Melissa Gladstone ndi anzake adachikonzera m'Malawi momwemuno ndi kuchifalitsa m'chaka cha 2010, atafunsa makolo a m'midzi zimene amayembekezera kwa mwana pa msinkhu uliwonse. Zida zoyezera kuwerenga ndi kuyankhula zikufunika kumangidwa motero pa chiyankhulo chilichonse.

4.4 Mayina amene timatchula nawo anthu

Ofufuza ziyankhulo za Chibantu adaona kale kuti mayina ambiri akale a anthu aulumali sali m'gulu la Mu-A-, la anthu, koma m'magulu a zinthu. Chiswahili chili ndi kipofu, kiziwi ndi kiwete. Chishona chili ndi chirema. Chichewa chili ndi chitsiru ndi chidzete, a m'gulu la Chi-Zi-, ndipo agwirizanitsi ake amatikakamiza kunena kuti "chabwera" ponena za munthu. Masiku ano tikumva mawu olemekeza monga akuti anthu aulumali, osamva ndi osaona, amene amabwezera munthu m'gulu la anthu. Kusinthaku kudayenda bwanji, kwafika pati m'midzi, ndipo eni ake akufuna kutchedwa chiyani? Amene akulemba mabuku a sukulu ndi kutanthauzira malamulo, monga lamulo la anthu aulumali la m'Malawi la chaka cha 2024 limene lidalowa m'malo mwa la 2012, akusowa mayankho a mafunso amenewa.

5. Utsogoleri

Kafukufuku wosungidwa m'laibulale sasintha kalasi. Dokotala wa maphunziro a ana aulumali amayembekezeka kusula aphunzitsi m'makoleji, kulangiza olemba silabasi monga a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kuthandiza bungwe la mayeso la MANEB kukonza mayeso oyenera ana osamva ndi osaona, kukhazikitsa maphunziro a omasulira chiyankhulo cha manja, ndi kuuza aboma mtengo weniweni wa zonsezi pokonza bajeti. Chifukwa chake wophunzira asadikire kumaliza kuti ayambe kudziwa malamulo ndi kayendetsedwe ka ndalama za maphunziro. Aphunzirenso kulemba mwachidule ndi momveka, pakuti nduna ndi mphunzitsi wamkulu sadzawerenga buku la masamba 300.

Funso lalikulu ndi lakuti atsogoleriwo adzakhala ayani. Yunivesite ya Gallaudet, yophunzitsa anthu osamva, idakhala zaka zoposa 120 ikutsogoleredwa ndi anthu akumva. M'mwezi wa Malichi chaka cha 1988 ophunzira adatseka zipata za sukuluyo pokana mtsogoleri wina wakumva, ndipo patangotha sabata I. King Jordan adasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wosamva. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti sitingafotokoze bwino chiyankhulo cha manja popanda eni ake, monganso Mark Hanna Watkins sakadalemba galamala yake ya Chichewa ya chaka cha 1937 popanda Kamuzu Banda, amene adamuthandiza pamene adali wophunzira ku Chicago. Koma m'nthawi yathu sikokwanira kuti mwini chiyankhulo akhale wofunsidwa mafunso chabe. Ayenera kukhala wofufuza, dzina lake pachikuto cha buku. Kuti zimenezi zitheke, yunivesite iyenera kulipira womasulira pa maphunziro ndi pa tsiku la mayeso, kupereka mabuku m'njira imene wosaona angawerenge, ndi kuika ndalama zimenezi m'thandizo la wophunzira kuyambira pachiyambi.

Pali udindo winanso. Mabuku a udokotala amalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, pamene makolo ndi ana amene adapereka nthawi yawo sawerenga ziyankhulo zimenezi. Wofufuza abwerere kumene adatenga umboni, akafotokoze zimene wapeza m'chiyankhulo cha kumaloko, pa vidiyo ya chiyankhulo cha manja ndi m'zilembo za Braille.

6. Mawu Otsiriza

Taona kuti maphunziro a ana aulumali m'chigawo chathu ali ndi mbiri ya zaka zoposa 100, ndi kuti pa sitepe iliyonse ya maphunziro a udokotala, kuyambira pa kupempha chilolezo mpaka pa kubweza zotsatira kwa anthu, pali funso la chiyankhulo. Tsono ndikupempha bungwe lathu zinthu zitatu. Poyamba, mamembala amene ali ndi udindo wolangiza ophunzira a udokotala avomere kulangiza pamodzi ndi anzathu a zamaphunziro a ana aulumali, ngakhale ntchitoyo ili kunja kwa dipatimenti yawo. Kachiwiri, ziyankhulo za manja za m'maiko athu ziwerengedwe pakati pa ziyankhulo za mu Africa zimene bungweli limazifufuza, ndipo zikhale ndi malo m'ndondomeko ya misonkhano yathu. Kachitatu, pa msonkhano uliwonse pakhale omasulira chiyankhulo cha manja ndi mapepala a Braille, kuti wophunzira wosamva kapena wosaona athe kudzaimirira pano ndi kuwerenga pepala lake. Ndalama zake tiziike m'bajeti ya msonkhano wotsatira.